Intaneti ya Bambo a Mercy

Ku Oshawa, tawuni ya kutsidya kwa nyanja, kunalibe Mmalawi amene sankadziwa kuti a Boniface Chikopa amagwira ntchito ku Markham, pakampani ya makompyuta. Ankazinena okha, kaya ndi pamaliro, paukwati, ngakhale m'sitima kwa munthu amene sanawafunse. Chomwe sankanena n'chakuti ntchito yawoyo inali yotsitsa makatoni m'lole ndi kuwakankha pangolo mpaka kosungira katundu. Koma poti m'makatonimo munkakhala makompyuta, iwo ankayenda ngati anawapanga ndi manja awo.

M'chaka cha 2003 kampaniyo inataya makompyuta akale, a Boniface n'kutolapo imodzi. Akazi awo, a Vainess, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anaipeza itakhala patebulo lodyera, mawaya ali yangayanga.

"Bambo a Mercy, chinthuchi n'chamoyo?"

"Inu za makompyuta zisiyireni eni ake. Loweruka lino tikhala tili pa intaneti. Muzimulembera Mercy lero, lero lomwe n'kuwerenga."

Mercy anali mwana wawo yekhayo, yemwe anatsala pasukulu ku Zomba. Atamva dzina limenelo a Vainess anatenga mbale yawo n'kukadyera pamiyendo.

Munthu wanzeru akanayamba wayesa payekha, zikatheka n'kuitana anthu. A Boniface anayamba n'kuitana anthu. Anaimbira a Wadi, mnzawo wogulitsa magalimoto akale ku Hamilton, kuti abwere ndi akazi awo, a Saumu, adzaone mmene anthu otsogola amakhalira. Alendowo anafika Loweruka masana, nsapato zitanyowa ndi chipale, ndipo asanavule n'komwe majekete anawakhazika pamipando yoyang'ana kompyuta ija ngati ali m'kalasi.

A Boniface anazula waya wa foni n'kuulowetsa kumbuyo kwa kompyuta. Anafotokoza kuti m'katimo muli kachipangizo kotchedwa modemu, komwe kamaimba foni kukampani ya intaneti monga mmene munthu amaimbira mnzake. Mpaka pamenepa ankanena zoona, poti anali atawerenga pachikuto cha sidi yomwe kampaniyo inatumiza.

Kenako kompyuta inayamba kufunsa mafunso. Dzina analemba. Pasiwedi analemba atauza aliyense kuti ayang'ane kumbali. Itafunsa ngati pamafunika nambala yotulukira kunja munthu asanaimbe foni, anadina 9 mosazengereza.

"Achimwene, nayiniyo ndi ya chiyani?" anafunsa a Wadi. "Pano si panyumba?"

"Ku Markham timayamba ndi nayini. Ndiye sisitemu yake."

"Koma kujatu ndi kuofesi."

"A Wadi, ine ndikabwera kwanu sindikuuzani za matayala."

A Wadi anapinda manja. Nambala ya kampani ya intaneti inali ya ku Toronto, choncho kompyuta inaika yokha 1 kutsogolo, monga zimakhalira poimba kutali. A Boniface, posakhulupirira makina omwe ankawatama, anawonjezerapo 1 wawo kuti zitsimikizike. Atatero anaimirira, anakonza kolala, n'kudina.

Modemu inalira ngati mwanapiye, kenako inakhosomola, kenako inachita phokoso la wailesi yosowa siteshoni. Panabwera uthenga woti sizinatheke.

"Ikukonekita," anatero a Boniface. "Koyamba imatero."

Anadinanso. Inaliranso chimodzimodzi. Anati vuto ndi chipale chomwe chaunjikana pamawaya a kunja. Anadinanso. Anati mafoni a ku Oshawa ndi achikale, sangafanane ndi a ku Markham. Anadinanso, n'kukuwira kukhitchini kuti a Vainess azimitse mayikulowevu chifukwa ikusokoneza mafunde. A Vainess anazimitsa, tiyi wa alendo ali wosatentha, n'kudzaima pakhomo la khitchini akuwayang'ana amuna awo monga mmene ankayang'anira okalamba okana kumwa mankhwala.

Ali m'kati modinadina, kunamveka kugogoda kwamphamvu. A Vainess atatsekula anapeza apolisi awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamkaziyo ananena m'Chingelezi kuti foni ya m'nyumbamo yakhala ikuimba nambala ya ngozi mobwerezabwereza, koma woyankha akungomva kulira kwachilendo, ndipo akayesa kuimbanso foniyo sikulowa. Anafunsa ngati aliyense ali bwino.

A Boniface anathamangira kukhomo ndi Chingelezi chawo cha pa Sabata. Anati pali kulakwitsa, m'nyumba muno palibe wagwira foni, ndipo iwo ndi munthu wa zamakompyuta wa ku Markham. Wapolisi wamkazi sanawamvere. Anatengera a Vainess kukhitchini n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati bamboyu amawamenya, ngati akuopa kulankhula iye alipo.

"Kumenya ayi," anayankha a Vainess. "Amangolankhula."

Wapolisi wamwamuna anali ataona waya wochoka kukhoma kupita kukompyuta. Anapempha kuti aone nambala yomwe makinawo akuimba. A Boniface anatsekula monyadira, akuti aone yekha kuti zonse zili m'malo. Anayamba kuwerenga mokweza, chala chili pagalasi.

"Nayini. Wani. Wani..."

Mawu anathera pomwepo. Chala chija chinafutukuka n'kukhala chikhatho, chikhathocho n'kuphimba manambala, ngati wapolisiyo sanaone kale. A Saumu anadzuka mwachangu kupita kubafa, ndipo ngakhale anatsekula mpopi, kuseka kwawo kunkamveka. A Wadi anangoyang'ana masokosi awo.

Wapolisiyo sanakalipe. Anaimirira pomwepo mpaka a Boniface atafufuta nayini ndi wani wawo uja, kenako anawauza pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana, kuti nambala ya nayini wani wani ndi ya anthu amene nyumba ikupsa kapena mtima waima. Potuluka, wamkazi uja anawagwira a Vainess paphewa. Maneba anali m'mawindo.

Chitseko chinatsekedwa. A Boniface anakhala pansi, anapukuta thukuta, anayang'ana alendo awo mmodzimmodzi.

"Koma mwaona?" anatero. "Yakonekita. Apolisiwo akanadziwa bwanji?"

A Vainess anawerama, anazula waya kukompyuta, n'kuubwezera kufoni.

"Kuntchito akhoza kundifuna," anatero. "A Saumu, bwerani timwe tiyi."

Intaneti inadzalowa m'nyumbamo m'kati mwa sabata, a Vainess ali kuntchito. A Boniface anaimbira kampani ya intaneti ija, mnyamata wa kumeneko n'kuwatsogolera podina paliponse, iwo akungoti "yes sir." Izi sanauze munthu, koma neba wa m'chipinda cha pansi anamva zonse kudzera m'paipi ya chotenthetsera nyumba.

Pofika pa Khirisimasi, Amalawi atasonkhana muholo ina ku Hamilton, nkhani inali itakula. A Boniface anaima pafupi ndi tebulo la zakumwa akuuza anthu kuti kompyuta yawo ndi yamphamvu kwambiri moti tsiku loyamba boma linatumiza apolisi kudzaiyendera. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, poti a Saumu anali atawafikira kale onse ndi nkhani yeniyeni. Mayi wina wa ku Zambia anafunsa a Vainess ngati bambo akulankhulawo ali amuna awo.

"Ndi omwewo," anatero a Vainess, akupitiriza kugawa mpunga. "Mukafuna apolisi mwachangu, muziwauza."