Khonde la Sadaka

Farida atabwerako kuchigayo anapeza khonde lonse litaziridwa ndi dothi lotuwa, lomwe ku Mandimba konse simungalipeze. Anathamangira kuchipinda, katoni ya dothi yomwe anabwera nayo kuchokera kuyunivesite n'kuipeza yopanda kanthu. Timatumba tonse makumi atatu tinali titatsukidwa, tili pachingwe kuseri.

"Amayi, dothi lija mwalitani?"

"Ndazirira khondetu, mwanawe," anayankha mayi Amina, manja ali matope okhaokha. "Mawa ndi sadaka yokumbukira malemu bambo ako. Abale a ku Ngauma adzakhale pakhonde long'aluka? Ndinadziwa kuti wabweretsera ine. Nanga munthu angasenzerenji dothi pasitima mpaka ku Cuamba?"

Farida anangoti khwethe pansi. Dothilo linachokera m'chitsime chomwe kampani ina inaboola pansi pa nyanja yamchere pofufuza mafuta, ndipo kathumba kalikonse kanali ndi nambala ya kuya kwake. M'katimo munali tizigoba ta tizilombo takalekale, tosaoneka ndi maso, tomwe timaulula ngati nyanja inali yakuya kapena yosaya, yofunda kapena yozizira, ndi pomwe mafuta angabisale. Lamulo la kuyunivesite linali lakuti dothilo lisatuluke panja. Koma iye, poopa kutsalira pa kafukufuku wake, analitenga mobisa kuti azilisefa ali kumudzi. Lina kunalibe. Zaka zinayi za sukulu zinali zitamatidwa pakhonde.

Farida atafotokoza, mayi Amina anadzambatuka. Analowa m'nyumba, natuluka ndi supuni, nagwada n'kuyamba kupala.

"Bweretsa timatumbato. Ndikubwezera lonse, ngakhale kambewu sikatsala."

Kupalako kunali kungovutika chabe. Dothi la pamwamba likasakanikirana ndi la pansi silinenanso kanthu, Farida ankadziwa bwino lomwe. Anapsa mtima. Koma ataona mayi wamasiyeyo akukwawa ndi mawondo, akugumula ntchito yomwe anagwirira mwamuna wawo, chisoni chinamugwira. Anawalanda supuni ija.

"Lekani, amayi. Ndakumbukira, kusukulu lilipo lina. Lisiyeni liume."

Kenako anapita kuseri kwa bafa, naimbira foni mphunzitsi wake.

"Dothi lija ndinatenga ndine, ndipo latayika." Anamvetsera nthawi yaitali. "Ndamva, bambo. Mayeso sindilemba."

M'mawa mwake alendo anadzaza pakhomo. Aliyense wokhala pansi ankasisita khondelo ndi chikhatho, n'kufunsa komwe kumapezeka dothi losalala chotero.

"Wabwera nalo mwana wanga wa kuyunivesite uja," mayi Amina ankayankha monyadira.

Farida anapitiriza kugawa mpunga, maso ali pansi.