Ndinammalizira Mawu Tavaris

Ine Wendell Crutcher, khasu langa ndi pakamwa. Makochi ena amadziwa kujambula mizere pabolodi, ena amakalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Ine luso langa n'kulowa m'nyumba ya eni, kuyamikira chikondamoyo cha mayi, kuseka nthabwala zosaseketsa za bambo, n'kutuluka mwana wawo atalonjeza kudzasewerera koleji yathu. Koma zaka zapitazi khasulo linali litabuntha. Timu ya basiketibolo ya Pine Hollow, kumapiri a Kentucky kuno, inagonja mpaka anthu anasiya kuitukwana. Anthu akuno akasiya kutukwana timu, dziwani kuti madzi afika m'khosi.

Kochi wamkulu, Maddox, ndi mwana wadzulodzuloli, wokonda kompyuta kuposa anthu. Anandiitanira mu ofesi mwake.

"Achikulire, tilibe wosewera wamtali. Mundibweretsere Tavaris Boykin wa ku Owensboro uja. Zikakanika, chaka chamawa pampando wanupo pakhala wina."

Nyumba yomwe tikukhalayi ndi ya koleji. Mkazi wanga Darlene wasamuka nane kambirimbiri, ndipo titafika kuno ananena mosaseka kuti ulendo wotsatira ukhale wa kumanda. Ndiye Tavaris sanali mwana wamtali chabe kwa ine. Anali denga la mkazi wanga.

Mu Julaye anyamata akusekondale amasewera mipikisano, ndipo lamulo limati ife makochi a makoleji tizingoonerera, osalankhula ndi mwana. Ndiye timavala malaya a mtundu wa koleji n'kundanda pabenchi yakutsogolo kuti mwana akaponya maso atione. Mtundu wathu ndi walalanje. Ndi mimba yangayi ndinkangooneka ngati dzungu loiwalidwa m'munda. Mwezi wathunthu ndinamutsata Tavaris holo ndi holo, pakamwa pali tseke, chinthu chomwe Darlene sanakhulupirire.

Mnyamatayo polowa pakhomo amawerama. Manja ngati mafosholo, mapazi olemera, koma mapazi ndimadziwa kuwaphunzitsa. Tsiku lina ku Louisville anasewera zomvetsa chisoni, mpira kumangomupulumuka ngati sopo. Makochi a makoleji akuluakulu anatuluka masewero ali pakati. Ine ndinakhala mpaka holo yonse kutha anthu. Musaganize kuti kunali kukhulupirika ayi. Bondo langa linali litauma, ndipo sindinafune kuti anzanga andione ndikudzuka ngati nkhalamba. Tavaris potuluka anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kugwedeza mutu.

Nthawi yololedwa kuyendera ana m'makomo itafika, ndinanyamuka. Ndili m'njira mnzanga wina anandiimbira kuti koleji ina yaikulu ya ku Ohio yayamba kumununkhiza mwanayo. Ndinafika ku Owensboro nditanola lilime mbali zonse.

Mayi ake, a Lorraine, amayendetsa basi ya ana asukulu, ndipo amalankhula ngati munthu wozolowera kumveredwa. Anandiimitsa pakhonde.

"Kochi, mwanayu ali ndi chibwibwi. Akayamba kulankhula muzimupatsa mpata."

"Musadandaule mayi, ine kudekha ndinabadwa nako."

Patebulo panali nkhuku yokazinga, nyemba, chikondamoyo ndi tiyi wozizira wotsekemera mpaka kuwawa mano. Ndisanalume n'komwe, Tavaris anaika foloko pansi.

"Ko-kochi, ine nda-ndaganiza kale kuti ndi... ndi..."

Mawu amenewa ndawamva m'nyumba zambiri, ndipo ndimadziwa komwe amathera. Pantchito yathuyi tili ndi kalamulo kathu: mwana asanene kuti ayi pamaso pa mayi ake, chifukwa akatero sabwereranso. Ndinalumphira pompo.

"Ndikudziwa mwana wanga, ndikudziwa. A ku Ohio. Usavutike n'kunena."

"A-ayi, ndi..."

"Usachite manyazi, aliyense angakopeke. Koma tandimvera kaye."

Abale inu, ndinalankhula. Ndinalankhula ngati ndameza wailesi. Za holo yathu yatsopano, za mapazi ake, za anyamata omwe ndinawatola ali mbuli n'kuwasandutsa akatswiri, ngakhale za bondo langa. Nkhuku inazizira. Kenako ndinatulutsa chida changa chachikulu, chomwe ndimachinyadira kwambiri, chodzionetsa ngati munthu wopanda mantha.

"Pita ku Ohioko ukadzionere wekha. Ndakutuma ndine. Ukaone benchi yomwe ukawolerepo, ndiye udzandiuze."

A Lorraine anandiyang'ana momwe munthu amayang'anira galu wokwera patebulo. Tavaris anatola foloko yake n'kuyamba kudya, ndipo sanayesenso kulankhula. Ine m'galimoto ndinkaimba mluzu. Ndinauza Darlene kuti zinatsala pang'ono kutayika koma mwamuna wake wazigwira ndi mano.

Tsiku losankha, mwana amakhala patebulo m'holo ya sukulu yake, patsogolo pake ataika makapusi a makoleji omufuna, ndipo yomwe wavala ndiye kwake. Ife makochi sitiloledwa kukhalapo. Ndinaonera pafoni, ndili m'galimoto panja pa ofesi, chifukwa sindinafune kupumira mpweya umodzi ndi Maddox. Makapusi anali atatu. Dzanja lalikulu lija linayenda pang'onopang'ono, linaima pamwamba pa yathu, mpaka ine ndinayamba kukonza mawu okanyadira mu ofesi. Kenako linadutsa. Anavala yofiira ya ku Ohio.

Patapita nthawi foni inalira. Ana olera bwino amaimbira makochi omwe awakana.

"Ko-kochi, ndi Tavaris. Ndi-ndimati ndithokoze."

"Palibe kanthu mwana wanga. Ukasewere bwino."

"Ku Ohio si-sindinkakufuna. Mu-munandituma ndinu. Nditapita ndi-ndinapeza kuti n'kwabwino."

"Nanga tsiku lija kwanu, unkati unene chiyani?"

Anayamba, mawu n'kumukanirira. Anayambanso. Lilime langa linkayabwa, likufuna kumuthandiza, chitsiru cha lilime. Ndinaliluma mpaka kumva kuwawa. Ndinamva mnyamatayo akupuma, kumbuyo kwake anthu akuseka ndi kuwomba m'manja.

"Kuti ndi-ndibwera kwanu. Ndi-ndinkaona ngati ndinu munthu wo-wodziwa kudikira."

Zinandipweteka kwambiri, ndipo panalibe woti ndimukwiyire. Bomwetamweta anachita kundiikira m'mbale, ine n'kumukankha ndi manja anga awiri, kwinaku ndikuyamikira nzeru zanga.

Kwa Maddox sindinalowe. Ndinaimbira kunyumba.

"Darlene, wavala yofiira."

Sanafunse kuti zatheka bwanji, sanandinyoze, ngakhale kuusa moyo sanause. Ndikanakonda akanakalipa.

"Makatoni osamukira aja sindinataye," anatero. "Ali m'galaja. Pobwera mugule tepi yomatira."