Tulo ta pa Chiwongolero

A Raymond anayendetsa minibasi pamsewu wa Bangwe ndi Limbe zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anatopa. Osati kutopa kuja kumatha munthu akagona Lamlungu masana ayi. Uku kunali kutopa kolowa m'mafupa, koti ngakhale kuseka umayamba waganiza kaye. Kumbuyo kwa minibasiyo kunalembedwa kuti "Kuthamanga Sikufika", koma mwini wake, yemweyo amene analembetsa mawuwo, ankafuna maulendo khumi ndi awiri patsiku. Msana unkawawa, ndipo phazi la ku kilatchi linkatupa madzulo aliwonse.

Tulo tawo teniteni ankagonera pa siteji ku Limbe. Akaima pamzere ankazimitsa injini, kutsamira chiwongolero, basi apita. Kondakitala wawo Venansio, bambo wa imvi nayenso, ankatsala akudzaza anthu. Ikadzaza ankamenya bodi kawiri, pha pha, ndipo dzanja la a Raymond linkaliza injini ndi kuimba hutala maso asanatseguke n'komwe. Madalaivala anzawo ankawaseka kuti amadzuka atadutsa kale msika. Iwo ankanyadira zimenezo, poti munthu amanyadira chomwe ali nacho.

Tsiku lina mutu utawakulira anapita kuchipatala. Nesi anawapima BP kawiri, kachiwiriko atasintha mkono.

"Bambo, ntchito imeneyi muisiye," anatero nesiyo. "Mudzagwa muli pa chiwongolero, anthu ali m'galimoto."

Akazi awo a Jesinta anali pomwepo, ndipo kuyambira tsikulo ankawaperekeza ndi maso mpaka pachipata m'mawa uliwonse. Kusiya ntchito n'kosavuta pakamwa pa nesi. Ukaisiya ugwira iti?

Mwayi unabwera ndi Che Haruna, amene nyumba yawo inayang'anana ndi ya a Raymond ku Bangwe konko. Iwo ankagwira ntchito ku kakampani kena ka m'tauni, koperekeza alendo ojambula nyama kunkhalango ya ku Chikwawa. Lamlungu lina masana anawoloka msewu n'kukhala pakhonde la a Raymond.

"Amwene, dalaivala wathu wathawira ku Joni," anatero Che Haruna. "Ndakunenerani kwa abwana. Akuti akuyeseni tsiku limodzi, Lachinayi. Mukachita bwino ntchito ndi yanu."

"Ntchito yake ndi yotani?"

"Kuima."

A Raymond anawayang'ana ngati akuwaseleula.

"Zoona, kuima. Alendo athu si aja othamangira njovu apa, mkango apo, kenako kukadya lanchi. Awa ndi ojambula. Amasankha dziwe limodzi n'kukhala pomwepo mpaka nyama ziiwale kuti pali anthu. Inu chanu n'kufika pang'onopang'ono, kuzimitsa injini, n'kukhala ngati chitsa. Osatsokomola, osaimba foni. Hutala ndiye musaiyandikire olo pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amwene."

A Raymond anaseka mpaka msana unawakumbutsa. Padziko lomwe lino pali ntchito yolipira munthu chifukwa chokhala phee? A Jesinta, amene ankamvetsera ali pakhomo, sanaseke nawo.

"Bambo a Thandie, iyi musaiphonye," anatero. "Ndatopa n'kumvetsera ma ambulansi."

Masiku atatu otsatirawo a Raymond anayamba kuphunzira kudekha. Anamata chikatoni pa hutala kuti dzanja likafika likumbuke. Zinali zomvetsa chisoni. Minibasi yosaimba hutala ili ngati tambala wosalira, anthu a m'mbali mwa msewu ankangoiyang'ana ikudutsa, osadziwa ngati ikunyamula kapena ikupita kumaliro. Venansio anakuwa mpaka mawu anasasa.

"Akulu, mwalowa mpingo watsopano kapena?" anafunsa Lachiwiri.

"Ndikupumitsa makutu," anayankha a Raymond. Za Lachinayi sanauze munthu pa siteji, kuopa pakamwa pa anzawo. Anangopempha tsiku kwa mwini minibasi kuti akupita kuchipatala.

Lachinayi kutangoyera anali kale pa hotela ina m'tauni, atavala malaya a kaki obwereka kwa Che Haruna. Galimoto ya kampani inali yaitali, ya denga lotukula, injini yake yolira mwaulemu. Mlendo anali mmodzi yekha, mayi wachizungu wa imvi mbuu, wowonda, wosalankhulalankhula. Kamera yake inali ndi mphuno yaitali ngati munsi. Che Haruna anafotokoza kuti mayiyo wakhala masiku anayi pa dziwe limodzi kudikira mphalapala yamphongo, yakuda bii ya nyanga zopindikira kumbuyo, kuti aijambule ikumwa madzi. Inali isanabwere. Ili linali tsiku lomaliza, mawa lake ndege.

Anatsika zitunda za ku Chikwawa dzuwa likutuluka. Phazi la a Raymond linkayabwa. Galimoto iliyonse yowapitirira inkawapweteka mumtima, ndipo munthu aliyense woima m'mbali mwa msewu ankakoka dzanja lawo kupita pa hutala. Koma anapirira. Atawoloka Shire n'kulowa m'nkhalango anatsitsa liwiro mpaka njinga ya kabaza ikanawadutsa. Che Haruna, amene anakhala kumbuyo ndi mlendo uja kuti azimugwirira zida, anagwedeza mutu pagalasi. Mtima wa a Raymond unakhala pansi pang'ono.

Dziwelo linali laling'ono, lamatope, pansi pa mitengo youma. Anaimika galimoto pamthunzi pamene anawalozera. Anazimitsa injini.

Chete amene anagwa pamenepo a Raymond anali asanamumvepo chikhalire. Poyamba anawaopsa. Makutu ankafunafuna oitanira, mawailesi, chigayo, mlaliki wa pamsika, koma kunalibe. Kenako pang'onopang'ono anayamba kumva zina: njiwa kutali, nyenje m'mitengo, tsamba louma likugwa. Kunabwera njiri ndi ana ake, michira ili chilili ngati ma eliyo a wailesi. Kunabwera nswala, zinamwa mwamantha, zinapita. Anyani anakangana pagombe ngati anthu a pa mjigo. Mayi uja sanazijambule kwenikweni. Anangokhala, chala pa kamera, maso pa tchire la kutsidya.

Ola linatha, lachiwiri linatha. Palibe amene anawakalipira. Palibe anafunsa chenje, palibe wapolisi anatukula dzanja. Mapewa awo, amene anakhala okwera m'mwamba zaka zonsezi, anatsika okha. A Raymond anaifuna ntchitoyi ndi mtima wonse, anaifuna mpaka misozi inalengeza, ndipo anachita manyazi kuti bambo wamkulu angalirire dziwe lamatope. Anaganiza za a Jesinta atasiya kuima pachipata. Anati mumtima, Ambuye, pano ndiye ndingakalambirepo.

Koma thupi lili ndi malamulo ake, ndipo silifunsa mwini wake. Zaka makumi awiri ndi zitatu thupi la a Raymond linaphunzira chinthu chimodzi: injini ikazima, anthu akudikira, ndiyo nthawi yogona. Dzuwa la Chikwawa litafika pamutu zikope zinayamba kulemera. Anadzitsina pantchafu. Anatafuna kamtengo ka machesi mpaka kanatha. Anawerenga anyani, anapeza khumi ndi asanu ndi awiri, anawerenganso. Kenako anati angotsamira pang'ono chiwongolero kuti msana upume.

Anagona tulo tokoma timene sanagonepo chikwatirire.

Zimene zinachitika ali m'tulo anazimva pambuyo pake kwa Che Haruna. Mphalapala inatuluka m'tchire cha m'ma wani koloko. Inaima nthawi yaitali, ikununkhiza mphepo. Inaponda kamodzi, inaimanso. Mayi uja anasiya ngakhale kupuma. Itatsala pang'ono kufika pamadzi, a Raymond anayamba kuliza mkonono, wapansipansi koma womakulirakulira. Nyama inatukula makutu. Che Haruna sakanatha kuwafikira ndi dzanja, ndipo kulankhula sikukanatheka. Ndiye anatulutsa mkono pawindo n'kugogoda bodi ya galimoto ndi zala, mofatsa kwambiri, kawiri.

Pha pha.

Injini inabangula. Hutala inalira kawiri, pii pii, nkhalango yonse inamva.

"Tiyeni! Bangwe!" anakuwa a Raymond, giya italowa kale.

Maso atatseguka anaona fumbi. Anaona nyanga ziwiri zazitali zikulowa m'tchire, anyani akubalalika, njiwa zili m'mwamba. Phazi linapeza buleki galimoto itasuntha kale. Anazimitsa injini, koma chete amene anabwerera sanali yemwe uja.

Mayi uja akanakalipa zikanakhala bwino. A Raymond anazolowera kutukwanidwa, ndipo mayankho anali nawo a mtundu uliwonse. Koma iye anangoyang'ana pamene panali mphalapala, nthawi yaitali ndithu, kenako anavundikira mphuno ya kamera yake. Anadikirabe mpaka dzuwa litapendeka, poti Che Haruna anapempha, ngakhale onse atatu ankadziwa kuti nyama yoopsedwa chotero sibwerera tsiku lomwelo. Pobwerera anakwera zitunda zija kukuda. Blantyre anawalandira ndi utsi wake ndi mahutala ake, ngati sanachokepo.

Kunyumba a Jesinta anawalandira pakhomo. Anaona mmene amuna awo anavulira malaya a kaki aja, kuwapinda bwinobwino n'kuwaika pampando, ndipo anakatenthetsa madzi osamba.

Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe Che Haruna anawolokanso msewu. Anakhala malo omwe aja pakhonde, anavula kofia, anaivalanso.

"Abwana akuti pepani," anatero. "Ndinayesetsa, amwene. Ndinawauza kuti wolakwa ndine. Ndakwera minibasi moyo wanga wonse, ndimayenera kudziwa kuti dalaivala samugogodera kawiri."

"Musadzipweteke, Che Haruna. Mukanagogoda katatu ndikanaganiza kuti wina akutsika."

Anaseka onse awiri, kuseka kopanda mphamvu. Kenako Che Haruna anatulutsa foni.

"Mayi uja wanditumizira ichi ali pa eyapoti. Akuti ndikuonetseni. Sananene china."

Chinali chithunzi. A Raymond anali atagona, tsaya pa chiwongolero, manja ali lende, pakamwa potseguka pang'ono. Makwinya a pamphumi anali atafafanizika onse. Kutsogolo kwawo, kuseri kwa galasi, kunkaoneka chinthu chakuda cha nyanga zazitali, chosaoneka bwino, chitaima kutali ndi madzi. Mayiyo anajambula chithunzicho mphalapala isanayandikire, mkonono usanayambe, ndipo kamera anailunjika pa munthu osati pa nyama.

A Raymond anabweza foniyo msanga. Anaona ngati awavula pagulu. Koma a Jesinta, amene anabwera ndi tiyi, anaika thireyi pansi n'kupempha kuti aone nawo. Anayang'ana, anakulitsa chithunzicho ndi zala, anayang'anabe. Tiyi anayamba kuzizira.

"Nkhope iyi ndinaiwala," anatero pomaliza. "Ndi imene munabwera nayo kwathu ku Thyolo podzandifunsira. Kuno mukagona mumakukuta mano, bambo a Thandie, mumaponda mabuleki m'bulangete. Ndimayesa munabadwa choncho."

A Jesinta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Che Haruna, munditumizire. Ndikachapitsa ku Limbe."

Lolemba a Jesinta anaimanso pachipata. A Raymond anamatula chikatoni chija pa hutala n'kuchiponya m'ngalande. Pofika naini koloko anali atapanga maulendo atatu, phazi litayamba kale kutupa. Ku Limbe anaima pamzere, anazimitsa injini, anatsamira chiwongolero monga mwa masiku onse.

Tulo sitinabwere. Anatseka maso n'kutchera khutu, kufunafuna njiwa ija pansi pa phokoso la oitanira ndi mawailesi ndi mlaliki wa pamsika. Anafufuza ndithu, poti tsopano ankadziwa kuti chinthu choterocho chilipo, ulendo wa maola awiri okha kuchokera pamene anakhalapo. Kale sankadziwa, ndipo ankagona.

Venansio anamenya bodi kawiri. Minibasi sinalire.

"Akulu, yadzaza!"

"Ndamva," anatero a Raymond.

Anakhalabe pang'ono, manja ali pamiyendo, mpaka mayi wina wa dengu la tomato anayamba kudandaula kumbuyo kuti akuchedwa. Ndiye anapotokola kiyi, anaimba hutala, n'kulowa mumsewu wa ku Bangwe.