Kuno Kumadutsa Napolo

"Chofiiracho chisuntheni pang'ono," anatero Abiti Bashiru, chala chili pa galasi la foni. "Chipite kutchire uko, kulibe womanga."

Emily anaseka. Anali mtsikana wa ku boma wojambula mapu a malo amene phiri lingagumukire. Mmawa umenewo anafikanso pa galimoto ndi dalaivala m'munsi mwa phiri la Mpyupyu, pamene Abiti Bashiru anali atakumba kale maziko a nyumba, njerwa atawotcha okha. Pa mapu a mufonimo, mazikowo anagwera pofiira, malo oopsa.

"Sichisuntha, mayi. Mapuwa amaona kutsetsereka kwa phiri, mtundu wa dothi ndi kumene madzi amathamangira. Komabe ndili ndi chikayiko. Dzulo pamsonkhano ndinafunsa ngati nthaka inagumukapo kuno, onse anati ayi."

"Aa! Sukulu yonseyo, osadziwa kufunsa? Kuno nthaka sigumuka, mwanangu. Kuno kumadutsa Napolo. Ndipo anadutsa uko, osati pano. Tiyeni mukaone, mundisiye ndimange."

Anamanga chitenje, natsogola. Anamuonetsa chimwala chachikulu ngati nkhokwe, chimene chinatsika mayi awo ali namwali. Anamuonetsa pamene panali mzikiti wakale. Paliponse Emily ankaima, kudina foni, kufunsa chaka. Minga inamung'amba siketi, iye osadandaula.

Kenaka anaima, maso ali pa mapu.

"Kuseri kwa mango awo kuyenera kukhala khwawa lokwiririka."

"Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Malo onse mwandionetsawa akulozera komweko."

Abiti Bashiru anayang'ana kuseri kwa mangowo. Khwawalo linalipodi. Analikwirira ndi malemu amuna awo Emily asanabadwe, nadzalapo chinangwa. Analitsata ndi maso mmene linkatsikira. Linakhota pachulu, n'kulunjika pa maziko awo.

"Mwana iwe," anatero chapansipansi, "wandipeza ndi miyendo yanga yomwe. Amene anakubala anabala."

Anapukuta thukuta, mawu n'kubwerera mwakale.

"Chabwino. Undipezere pobiriwira, koma m'munda mwanga momwemu. Za kumalo kwa eni sindifuna."

Emily anafufuza, napeza kamtunda kumalire, kuyang'ana ku nyanja ya Chilwa.

"Kutali ndi mjigo," anadandaula mayiwo. "Ndiye njerwa zikwera galimoto yakoyo."

"Ndi ya boma, mayi."

"Nanga ine ndine wa ndani?"

Anagwirizana maulendo awiri. Wachitatu dalaivala anawonjezera yekha, poti anaona mayiwo atayamba kale kusenza zotsalazo pamutu, zisanu ndi imodzi ulendo umodzi.