Galimoto ya amake Shantel

Lyson anakhala mu London zaka zambirimbiri osagwirapo chiwongolero. Ankati sitima ya Elizabeth line imamutula pafupi ndi chipatala cha ku Romford komwe ankakankha mabedi a odwala, ndiye laisensi ndi yachiyani? Zoona zake n'zakuti analephera mayeso kawiri, manyazi n'kumugwira, nkhani n'kuthera pomwepo. Woyendetsa m'banjamo anali mkazi wake, Mariam, amene ankazungulira m'makomo mwa nkhalamba za ku Ilford kuzisambitsa ndi kuzimwetsa mankhwala. Galimoto yake inali yotuwa, ya hayibulidi, zija zoyendera petulo ndi magetsi omwe, zongotsetsereka mwakachetechete ngati mphaka.

Chilimwe chikutha, uthenga unabwera wochokera ku Ntcheu wakuti mayi ake a Mariam agwa pabwalo ndipo mbali imodzi yafa ziwalo. Mariam anapempha tchuthi chachitali kuntchito. Asananyamuke anatenga galimoto, mwamuna wake ali pambali ngati katundu, kupita kwa Wilbroad, makaniko wa ku Lusaka amene ankakonza galimoto za theka la anthu a kutchalitchi kwawo.

"Ba Lyson, mvelani bwino," anatero Wilbroad akupukuta manja. "Iyi motoka ili na mabatire yabili. Ikulu ili pansi pa mupando wa kumbuyo, iyo siivuta maningi. Yamene ivuta ni ing'ono ili mu buti. Ikafa iyo, motoka siuka, olo petulo ikhale full. Ngati bamayo baenda miyezi yabili yatatu chabe, muziiyasha kamozi pa week, for one hour, panja, osati mu garage. Koma ngati ni ulendo wosaziba kuti babwela liti, tichosa chabe waya, igone. Ine nizabwelako nthawi na nthawi kuona ikulu."

"Waya asachotsedwe," anayankha Mariam msangamsanga. "Amayi akangoyamba kudzuka ndibwera. Khirisimasi ndidzadyera kuno."

Anaiimika kuseri kwa mdadada wa mafulati awo, pafupi ndi mabini. Wilbroad anali atapopa matayala ndi kuonetsetsa kuti batire lalikulu lili ndi moto wapakatikati. Kenako Mariam anakhazika mwamuna wake pampando wa dalaivala n'kumuphunzitsa ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Pondani buleki. Dinani batani ili. Dikirani mawu obiriwira akuti READY. Giya isachoke pa P, chonde abambo a Shantel, musandigwetsere mpanda wa eni ake. Anaseka onse awiri, ndipo Lyson anazindikira kuti panali patapita nthawi asanasekere limodzi.

Ntchito ya Lamlungu inayamba choncho. Akabwerako kutchalitchi ankavula jekete, kutenga kiyi m'kabati ya kukhitchini n'kutsika masitepe. Mariam ndi wamfupi, ndiye mpando unali wokankhidwira kutsogolo. Lyson, ndi miyendo yake yaitali ija, ankakhala atapindika, maondo atatsamira chiwongolero. Sanausunthe mpandowo. Ankati mwini wake akabwera asadzavutike kufunafuna pomwe anausiya.

Tsiku loyamba anachita mantha a mwana. Galimoto inali zii, yoyaka koma osamveka, kenako mwadzidzidzi injini inadzuka yokha kuti idyetse batire. Bambo wamkulu, dikoni wathunthu, anaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri akuitana dzina la Yesu, maso ali pa mabini. Injini inalira pang'ono n'kukhalanso chete. Anacheuka kuti aone ngati wina wamuona. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa manyazi, chifukwa nkhani yoseketsa chonchi analibe woti amuuze.

M'galimotomo munali Mariam yense. Kabotolo ka mafuta odzola m'manja kanali m'thumba la chitseko, bokosi la magolovesi abuluu pampando wa kumbuyo, mpango wake wofiira utakoleka pomwe anausiya. Kufulati kunalibe fungo lake chotere. Kumeneko kwa zaka zambiri ankangosemphana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, kusiyirana chakudya mufiliji ndi moni wa pamasitepe. Sanayambanepo kwenikweni. Analibe nthawi yake.

Mayi ake a Mariam aja anamwalira masamba akuyoyoka m'mitengo. Kuntchito kwa Lyson anati anthu ndi ochepa, tchuthi sichitheka, ndipo maliro a apongozi ake anawaonera pafoni ataimirira m'khonde la chipatala. Khirisimasi inafika n'kudutsa. Mariam anati denga la nyumba ya malemu likudontha. Denga litatha, panabwera za ana a mchimwene wake amene analibe wowayang'anira. Kenako chimanga cha amayi chinali m'munda, sichikanasiyidwa chokha. Kenako chiliza.

Zifukwazo zinali zoona zokhazokha, ndipo Lyson sakanatsutsa ngakhale chimodzi. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali nkhope ya mkazi wake pafoni. Mariam anali atanenepa, khungu litasalala. Polankhula ankacheukacheuka kuyankha moni wa anthu odutsa kumbuyo kwake, n'kumaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kuseka kumeneko Lyson anakumva komaliza ali pachibwenzi. Shantel, mwana wawo yekhayo, amene ankaphunzira ku Greenwich ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, anamuuza m'Chingerezi kuti angowafunsa amayi mwachindunji. Ana a kuno amaona ngati funso lililonse ndi lofunsika. Lyson ankaopa yankho, choncho ankangonena za galimoto.

"Ili bwinobwino, amake Shantel. Ikungodikira inu."

"Zikomo, abambo," ankatero Mariam, n'kuyamba nkhani ina.

Nyengo yozizira yonse sanaphonye Lamlungu. Ankapala chisanu pagalasi ngakhale kuti sankapita kulikonse. Mzungu wa fulati ya pansi ankamuyang'ana pawindo ngati munthu wozungulira mutu. Ola limenelo ndi lomwe linkagwira sabata yake kuti isamwazike. Malinga ngati mawu obiriwira aja ayaka, kwa iye ulendo wa Mariam unali udakali wa miyezi iwiri itatu.

Lamlungu lina mitengo itayamba kuphuka, foni inalira ali m'galimotomo. Foni yake inkalumikizana yokha ndi masipika, moti mawu a Mariam anatuluka mbali zonse, kutsogolo, m'zitseko, kumbuyo, ngati wakhala momwemo. Analonjerana. Anakamba za mvula ya ku Ntcheu ndi za mayeso a Shantel. Kenako injini inadzuka.

"Muli m'galimoto?" anafunsa Mariam.

"Eya. Si lero Lamlungu?"

Kumbuyo kwa Mariam kunkamveka tambala ndi mwana akulira.

"Abambo a Shantel, mwavutika nayo mokwanira. Mumuuze Wilbroad adzachotse waya uja."

"Sindikuvutika ayi. Ndi one hour yokha."

"Ndikudziwa. Komabe achotse. Igone."

Onse awiri anali pomwepo tsiku lomwe Wilbroad ankafotokoza za ulendo wochotsera waya. Lyson anadziwa kuti Mariam akukumbuka, ndipo Mariam anadziwa kuti Lyson wamva. Funso lija la Shantel linafika pakamwa, koma linali litayankhidwa kale.

"Kumeneko mukupeza bwino?" anafunsa Lyson m'malo mwake.

"Ndimagona tulo, abambo. Kuno ndimagona tulo. Simunandilakwire chilichonse."

"Chabwino, amake Shantel. Ndimuuza."

Wilbroad anabwera Lachitatu ndi sipanala imodzi m'thumba. Munthu wolongolola uja tsiku limenelo sanafunse kanthu. Anatsegula buti, kukweza kapeti, kumasula nati, n'kukulunga mutu wa wayawo ndi kansanza. Kagetsi ka m'buti kanazima. Ntchito yonse inatha Lyson akungoonerera. Wilbroad anamuonetsa kakiyi kachitsulo kobisika m'kati mwa kiyi, kotsegulira chitseko galimoto ikakhala yopanda moto, anamugwira paphewa, n'kumapita.

Lamlungu lotsatira Lyson anabwerako kutchalitchi, anavula jekete, ndipo anapezeka ali pamasitepe kiyi ali m'manja. Anakumbuka ali pakati, koma kubwerera kufulati kunamuopsa. Anadina kiyi, galimoto osaphethira n'komwe. Anasolola kakiyi kachitsulo kaja, kutsegula, n'kudzipinda pampando, maondo pachiwongolero. Anaponda buleki, kudina batani. Palibe chinayaka.

Munkazizira, ndipo fungo la mafuta aja linali litayamba kutha. Lyson anayang'ana wotchi ya pamkono pake kuti adziwe poyambira, n'kukhala ola lake lonse.