Theka la Piritsi la Kapitawo

Amayi anali akusita shati yachitatu pamene anamva ndodo ya amuna awo ikugogoda simenti ya pakhonde mofulumira kuposa masiku onse. Chidwalireni matenda ofa ziwalo chaka chatha, abambo sankathamangira chilichonse. Mwendo wakumanzere ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa.

"Amayi, siyani zimenezo. Kapitawo sakudzuka."

Amayi anazimitsa simbi n'kutuluka. Galuyo anali gone chammbali pa saka lake, kuseri kwa khitchini. Pafupi ndi mutu wake panali masanzi a thovu okhala ndi timizere ta magazi. Atamuitana, anangogwedeza mchira kamodzi.

Dzina loti Kapitawo analipeza chifukwa cha ntchito yake. Achipatala atalamula kuti abambo aziyenda tsiku lililonse, ana anayesa kuwanyengerera koma analephera. Abusa analephera, amayinso analephera. Galu ndiye anatha. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kumauwa mpaka abambo atavala nsapato, kenako n'kuwatsogolera mpaka pamphambano, akuima pa mtengo wa magetsi uliwonse kudikira mwendo wotsalira uja. Amayi ankadziwa kuti popanda galuyu amuna awo abwereranso pampando wa pawindo, umene unatsala pang'ono kuwameza.

"Amudyetsa poizoni," anatero abambo. "Ndipo munthu wake ndikumudziwa."

Anatembenukira kumpanda. Kuseri kwake kunkamveka aneba awo, akalipentala, akupala matabwa.

"Lachiwiri lomweli ananena pamaso panga kuti galu ameneyu akadzakodzeranso matabwa awo adzamukhomera bokosi laulere!"

"Abambo, tsitsani mawu."

"Nditsitse chifukwa chiyani? Amve!"

Kupala kuja kunasiya.

Amayi anagwada movutikira n'kuyamba kupukuta masanziwo. Panali chinthu chimene ankachidziwa okha. Masiku asanu apitawo Kapitawo anayamba kutsimphina mwendo wakutsogolo. Iwo anali ndi mapiritsi awo a ululu wa m'mawondo. M'mawa uliwonse akatha kupemphera, ankadula piritsi limodzi pakati ndi mpeni. Theka ankamwa okha, theka lina n'kulibisa m'kachidutswa ka buledi wopaka majarini n'kupatsa galu. Madzulo mawondo awo ankawawa kuposa kale, koma Kapitawo ankayenda bwino, ndipo abambo sanajombe ulendo wawo ngakhale tsiku limodzi. Sanauze munthu. Sanali ozolowera kulengeza zabwino zimene achita.

Kodi mankhwala othandiza munthu angaphe galu bwanji? Anadziuza kuti sizingatheke, ndipo anakhala chete.

Geti linatseguka. Akalipentala analowa, utuchi uli mbuu m'tsitsi, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Ndamva zonse, madala. Zoti ndine chigawenga tikamba pobwera. Panopa tiyeni tinyamule wodwala."

Anavula jekete yawo yogwirira ntchito, kuiyala kumbuyo kwa kagalimoto kawo konyamulira matabwa, n'kumugoneka galu pamenepo ngati khanda. Amayi anakhala naye kumbuyoko, mutu wake uli pamiyendo pawo. Abambo anakhala kutsogolo, nkhope atalozetsa kuwindo. Amayi anangoona kuti pa dzenje lililonse akalipentala ankatsika liwiro mpaka galimoto kumachita kukwawa, kuti wodwalayo asagwedezeke.

Atafika ku chipatala cha ziweto, akalipentala anamunyamula okha mpaka patebulo.

"Ndili ndi chitseko cha eni ake choti ndikamalize," anatero. "Mukatha mundiimbire. Kapena musandiimbire, mmene mungaonere."

Anachoka, jekete ataisiya pansi pa galuyo.

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana, wa manja achangu. Anatukula mlomo wa Kapitawo n'kuyang'ana nkhama zake zotuwa, kenako anadina pamimba. Galuyo anabuula.

"Wadya chiyani?"

"Poizoni wa makoswe," anayankha abambo.

"Munamuona akudya, agogo?"

"Sindinamuone, koma ndikudziwa."

"Kudziwa kwa mtundu umenewo kumandiphera odwala," anatero dokotala, akutsegula kabati. "Ngati ndi poizoni wa makoswe, jakisoni wake ndi uyu. Koma ngati ndi chinthu china, ndikhala ndikulimbana ndi matenda omwe kulibe, uku galu akutha. Ganizani bwino. Palibe chachilendo chimene chalowa m'kamwa mwake sabata ino?"

Amayi anayang'ana jakisoni ali m'manja mwa dokotala, anayang'ananso nthiti za galu zikukwera ndi kutsika mofooka. Anatseka maso kamphindi. Ambuye, tsegulani pakamwa pangapa. Kenako anapisa m'chikwama, kutulutsa kapepala ka mapiritsi kaja n'kukaika patebulo.

"Ndakhala ndikumupatsa awa. Theka tsiku lililonse, masiku asanu. Amatsimphina."

Abambo anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Dokotala anawerenga kapepalako n'kubweza jakisoni uja m'kabati.

"Mwachita bwino kunena, amayi. Awa kwa inu ndi mankhwala, koma kwa galu amayambitsa zilonda m'mimba, amawononganso impso. Mankhwala a munthu musamapatse chiweto musanafunse, ngakhale kachidutswa."

"Achira?"

"Sindilonjeza. Koma tsopano ndikudziwa chimene ndikulimbana nacho."

Anameta ubweya pamwendo wa Kapitawo n'kumuika diripi. Ali mkati modikira, anatambasula zala za phazi lotsimphina lija, n'kutenga kopanira kakang'ono. Anazula kachidutswa ka galasi kochepa ngati njere ya mpunga.

"Nachi chimene chinkamutsimphinitsa. Mukanabwera naye tsiku loyamba, inali ntchito ya mphindi ziwiri."

Amayi anakalandira m'dzanja, n'kumangokayang'ana.

Galu anatsala komweko. Abambo anakana kuimbira akalipentala, choncho anabwerera pa takisi, amayi atanyamula jekete ija. Kunyumba anapeza shati ija ili pomwe anaisiya, dzanja limodzi losita, lina lamakwinya. Abambo anavula nsapato n'kukakhala pampando wa pawindo. Chakudya cha masana anangochilawa. Amayi anachapa saka la galu, kutsuka mbale zake ziwiri, n'kusesa mabotolo osweka amene anawapeza m'mbali mwa dzenje la zinyalala. Mapiritsi onse a m'nyumbamo anawasonkhanitsa m'chitini n'kuika pamwamba pa kabati.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali dokotala. Kapitawo anali atasiya kusanza, anakodza, ndipo anadzutsa mutu n'kuuwa mphaka wa m'khola loyandikana nalo. Akhala komweko masiku atatu, koma chiyembekezo chilipo.

Amayi anathokoza Mulungu chamumtima. Kenako anatenga nsapato za amuna awo n'kuziika patsogolo pa mpando.

"Valani."

"Popanda Kapitawo sindiyenda."

"Lero kapitawo ndine. Mukufuna ndiuwenso?"

Abambo anawayang'ana. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kumwetulira.

"Ndiye mumamugawira mankhwala anu? N'chifukwa chake sabata yonseyi mumakwera masitepe chammbali ngati nkhanu?"

"Ndimafuna muziyenda."

"Zaka makumi anayi tili limodzi, chinsinsi chanu choyamba n'kukhala cha galu." Anapukusa mutu n'kuwerama kuti avale. "Ku mphambano?"

"Ayi. Pafupi pomwepa."

Amayi anatenga jekete ya akalipentala, imene anali ataikuntha n'kuipinda bwino. Kuchokera pakhomo pawo kukafika pageti la aneba panali mapazi osakwana makumi asanu, koma anayenda nthawi yaitali. Amayi ankatsogola pang'ono n'kuima, kudikira mwendo wotsalira uja, monga ankachitira galu.

Anawapeza akalipentala akumangirira chitseko pa benchi. Mwini chitsekocho ndi mkazi wake anali ataima pambali. Akalipentala anaika nyundo pansi, osamwetulira.

"Mwabwera kudzandipatsa muyezo wa bokosi, madala?"

"Ali moyo," anatero abambo. "Amisiri, ine m'mawa muja…"

Amayi anawagwira dzanja.

"Inu munena pambuyo. Ndiyambe ine."

Anaona alendo aja akuwayang'ana, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Moyo wawo wonse sanalankhulepo mokweza pa gulu. Koma mawu oipa aja anali atadumpha mpanda mokweza, ndipo sakanawabweza ndi manong'onong'o. Anapereka jekete ija ndi manja awiri.

"Aneba, galu uja simunamudyetse kanthu. Ndinamudwalitsa ndine, ndi mapiritsi anga. Pamene abambo ankakunenani m'mawa, ine ndinali nditayamba kale kudzikayikira, koma ndinatseka pakamwa n'kukusiyani musenze mlandu wanga. Inu n'kutinyamula, n'kumuyalira jekete yanu. Ndakulakwirani kwambiri. Chonde, ndikhululukireni."