Nkhope ya Bambo pa Simenti

Tsiku limene kalaliki wina anataya maburashi ndi penti wa mkazi wake kudzala, mkaziyo sanalire. Mtima unamuwawa zedi, koma anangoluma mano.

"Ndinakwatira mkazi, osati wojambula," anatero bamboyo akumanga tayi. "Ngati manja akukuyabwani, chikolopa icho."

Apo ndiye analakwitsa, mwana wa eni ake. Munthu wongokhalira mu ofesi angadziwe bwanji kuti simenti youma imada ikanyowa?

Atangotuluka bambo, mayiyo anapinda chikolopa n'kuviika nsonga yokha mundowa. Pabalaza panatuluka mbalame. Tsiku linzake panatuluka njinga, kenako mayi wobereka mwana. Dzuwa likalowa pawindo, zonse zinkauma n'kuzimiririka. Bambo pobwera ankapeza nyumba ili mbee, n'kumadzitama kuti mkazi wawo wamva mwambo.

Koma kujambula zopanda woziona kunayamba kumukwiyitsa mayiyo. Lachisanu anadikira nthawi yoweruka, n'kugwada pakhomo penipeni. Anajambula nkhope ya mwamuna wake yodzaza chipinda chonse: magalasi otsetsereka pamphuno, khutu limodzi lotuluka ngati chogwirira kapu, ndi tsinya lija la masiku onse.

Kalaliki anafika, anatukula phazi kuti alowe, phazilo n'kuima m'malere.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Ndikukolopa, bambo. Si munanena nokha?"

"Fufutani msanga!"

"Lowani mufufute. Nsapato muli nazo."

Anayang'ana poti aponde. Uku tsaya lake, uko tsaya lake, pakati mphuno yake. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene sankaphonya kanthu, anali atasuzumira kale.

"Iii, ndi inuyo ndithu, achimwene! Mpaka khutu!"

Bamboyo anatsala pakhonde, chikwama kukhwapa, ngati mlendo woyembekeza kuti amulonjere. Anaona tsitsi lake likuuma, magalasi akuchoka, mphuno ikutha. Tsinya ndi limene linachedwa, chifukwa pamenepo mkazi wake sanaumire madzi. Analiyang'ana nthawi yaitali, manyazi atamugwira.

Litatha nalo, anatsokomola n'kutukulanso phazi.

"Dikirani kaye, bambo," anatero mkazi wake, akuviikanso chikolopa mundowa. "Sindinamalize kukolopa."

Anayambanso kujambula, kuyambira khutu.